Galimoto yopanda draiva ingaione njinga ya malasha pa Mtenguleni?

Yohane Tembo: Madzulo abwino nonse, makolo ndi achinyamata. Ndili ndi funso, odziwa andiyankhe mosabisa. Mwana wanga wa ku Lusaka wanditumizira kavidiyo ka galimoto ya ku America yonyamula anthu ngati takisi, koma pampando wa draiva palibe munthu. Chiwongolero chikudzikhotera chokha. Padenga pake pali kanthu ngati ndowa yovundikira, kakuzungulira. Akuti maso ake ndi amenewo, dzina lake LiDAR. Ine ndayendetsa basi pa Great East Road zaka 19. Funso langa ndi ili: maso amenewo angaione njinga ya malasha pa Mtenguleni 5 koloko m'mawa, yopanda nyali, matumba atatu akuda atapingasa kumbuyo, mwini wake atavala jekete lakuda? Chifukwa ine sindinaione. Ndinkachokera ku Katete komwe basi inagona, thiraki itangondidutsa, nyali zili pa dimu. Pozindikira n'kuti njinga ili pamphuno pa basi. Ndinakhotera kumanja, galasi la kumanzere linapepesula thumba, munthu anagwera m'udzu. Anadzuka ndi bondo losupuka chabe. Papita miyezi inayi koma ndikafika pamalopo m'manja mumachita thukuta.

Amake Chisomo: Pepani a Tembo. Wanuyo anadzuka. Ife atate athu aang'ono sanadzuke. Chaka cha 2019, msewu wa ku Lundazi, akubwerera kogulitsa tomato ku Saturday Market. Wowagundayo anati sanawaone, ndipo ine ndimamukhulupirira. Nanenso ndikufuna kumva yankho.

Lazaro Mwale: Tili tcheru. A Zulu aphunzitsi ali kuti, izi n'zawo.

Aphunzitsi Zulu: Ndilipo. A Tembo, amai a Chisomo, pepani kwambiri. Ndiyambe ndi mmene kachinthuko kamagwirira ntchito, odziwa zambiri adzawonjezera. Mukaima m'munsi mwa phiri la Kanjala n'kukuwa, mawu amakagunda thanthwe n'kubwerera. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Ndiye akakubwererani patatha sekondi imodzi, thanthwelo lili pa mamita 170, poti ulendo unali wopita ndi wobwera. Mleme umauluka mumdima ndi nzeru yomweyi. LiDAR imatero, koma m'malo mwa mawu imaponya kuwala kwa laser, timizere towonda tosaoneka ndi maso athu. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi. Njinga ikakhala pa mamita 150, kuwala kupita ndi kubwera kumatenga gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi, ndipo kawotchi ka m'katimo kamatha kuwerenga kanthawi kameneko. Pozungulira, mwina kakhumi pa sekondi, kamamwaza timizere mbali zonse. Kalikonse kobwerera kamasanduka kadontho kokhala ndi mtunda wake. Makina akuluakulu amatola madontho oposa 1,000,000 pa sekondi. Kompyuta ikawasonkhanitsa, msewu wonse umaoneka ngati wouumba ndi mchenga: mtengo pano, ng'ombe apo, dzenje uko, chilichonse ndi msinkhu wake. Mdima siukavutitsa poti kamayenda ndi nyali yakeyake.

Yohane Tembo: Ndamva aphunzitsi. Ndiye kuti ikadaiona?

Tisa Jere: Odi nonse. Ine ndine woyeza malo, makina a laser ndimagwira nawo ntchito, ngakhale anga si a pagalimoto. Atate a Tembo, kuiona ikadaiona, ndipo mwina patali kuposa pamene nyali zanu za dimu zimathera. Koma pali ziwiri zimene kavidiyoko sikakuuzani.

Choyamba, chinthu chakuda chimameza kuwala. Khoma loyera limabweza kuwala kochuluka, thumba la malasha limabweza pang'ono chabe. Ndiye makina omwe amaona chikwangwani patali kwambiri, thumba lakudalo amayamba kuliona pafupi, ndi timadontho towerengeka. Ine ndimazionera ndekha. Ndikaloza pa phula lonyowa kapena pa tayala, makina amakana kuwerenga pamtunda umene pa khoma la laimu amawerenga bwinobwino.

Chachiwiri ndicho chimandilemera mtima. Mu March 2018 ku Tempe, m'chigawo cha Arizona, galimoto ya Uber yoyesera kudziyendetsa inagunda ndi kupha mai wina amene ankakankha njinga kuwoloka msewu usiku, matumba ali panjingapo. LiDAR inalipo, radar (yoyeza ndi mafunde a wailesi) inalipo, makamera analipo. Ofufuza ngozi a boma la America anapeza kuti makina anamuona pafupifupi masekondi 6 asanamugunde. Koma kompyuta inkangosinthasintha maganizo: ichi n'chiyani, galimoto, njinga, chinthu chosadziwika. Ikasintha dzina inkayambanso kuwerengera kumene chinthucho chikulowera. Sanaiphunzitse kuti munthu amatha kuwoloka pamalo popanda mizere yowolokera. Munthu amene anamuika pampando kuti aziyang'anira anali maso pa foni. Ndiye taganizani, masekondi 6 athunthu kuona, osadziwa chimene ukuona.

Amake Chisomo: Mayo ine. Njinganso.

Tisa Jere: Njinganso amai. Ndipo uko njinga ndi munthu mmodzi ndi chisoti. Kuno njinga imanyamula chitseko, malata asanu ndi limodzi, nkhumba yomanga m'dengu, mai wodwala atakhala chopingasa ndi mwana kumsana. Madontho a njinga ya matumba atatu amaoneka ngati chitsamba choyenda. Kompyuta imene inaphunzira misewu ya ku Phoenix ndi San Francisco siinaonepo chinthu chotero.

Mabvuto Mbewe: Asisi a Tisa, ndiloleni nditsutse pang'ono. Kampani ya magalimoto ya Tesla siigwiritsa LiDAR. Mkulu wake Elon Musk ananena mu 2019 kuti odalira LiDAR akungotaya nthawi, ndipo mu 2021 anayamba kuchotsa ngakhale radar pa magalimoto awo, kusiya makamera. Mfundo yake ndi yoti munthu amayendetsa ndi maso awiri ndi ubongo, misewu yonse anaimanga kuti iziwerengedwa ndi maso. Ndiye chofunika ndi ubongo wabwino, osati ndowa padenga. Zimene mwafotokoza za ku Tempe zikugwirizana ndi iye. Maso analipo, ubongo ndi umene unalephera.

Tisa Jere: Mphwanga, za ubongo wanena zoona. Koma werenganso zimene atate a Tembo alemba. Iwo ubongo ali nawo, wa zaka 19 pamsewu umenewo, amadziwa njinga ya malasha kuposa kompyuta iliyonse. Chimene chinawasowa ndi kuwala. Kamera imafuna kuwala ngati diso, ndipo nyali za thiraki zimaithobwa monga zimathobwera diso. N'chifukwa chake a Waymo, kampani ya matakisi opanda draiva, amene anayamba ngati ntchito ya Google mu 2009, amaika zonse zitatu pamodzi. Kamera imadziwa mtundu ndi zolembedwa, LiDAR imadziwa mtunda ndi maumbidwe, radar imabowola fumbi ndi nkhungu ngakhale chithunzi chake n'chosalongosoka. Chimodzi chikafooka china chigwire.

Mabvuto Mbewe: Koma mtengo wake. Ndinawerenga kuti LiDAR imodzi inali madola 75,000.

Aphunzitsi Zulu: Inali, Mabvuto. Imeneyo ndi ya Velodyne ya ma laser 64, yomwe inatchuka pa mpikisano wa magalimoto odziyendetsa okha wa ku America mu 2007. Woyambitsa kampaniyo, David Hall, poyamba ankapanga masipika a nyimbo. Lero makampani a ku China monga Hesai ndi RoboSense akugulitsa zing'onozing'ono za m'magalimoto pa madola mazana ochepa. Ngakhale iPhone 12 Pro ya mu 2020 ili nako kakang'ono, koona mamita ngati asanu. Mtengo ukugwa. Sindikukhulupirira kuti mtengo ndiwo udzatitsekereze.

Yohane Tembo: Nanga utsi? Inu mukudziwa mwezi wa September ndi October anyamata akayatsa tchire kusaka mbewa. Pakati pa Nyimba ndi Kacholola nthawi zina ndimalowa mu utsi osaona ngakhale mzere woyera. Kenaka fumbi la pa dayivesheni. Kenaka mvula ya January pa Manenekela.

Tisa Jere: Pamenepo imavutika atate, sindikunamizani. Utsi, fumbi, nkhungu ndi madontho a mvula zimamwaza kuwala. Kwina kumabwerera msanga ngati kwagunda khoma pomwe ndi fumbi chabe. Galasi lake likadetsedwa ndi matope limafuna kupukuta. Komanso magalimoto mwaonawo sayenda paliponse. Asanawalole mumzinda, amayamba ajambula mapu a msewu uliwonse mpaka m'mphepete mwa ngalande, ndipo galimoto imayerekeza zimene ikuona ndi mapuwo. Msewu wa ku Lundazi kapena wa ku Chadiza umasintha nkhope dzinja lililonse. Mapu a chaka chatha sakudziwa dzenje la chaka chino.

Lazaro Mwale: Ndiye a Tembo ntchito yanu ikadalipo.

Yohane Tembo: Achimwene a Mwale, ine sindikudandaula za ntchito. Zaka zanditsalira n'zowerengeka. Chikanakhala kuti kuli kachinthu koika pa basi yanga kuti kandilizire belu pamene njinga ikadali pa mamita 100, ndikanagula ndi ndalama zanga. Basi pa 100 imadya mamita pafupifupi 28 sekondi iliyonse. Mwendo usanachoke pa mafuta kupita pa buleki, mwapita kale mamita 40. Sindikufuna kuchotsedwa pampando, ndikufuna diso lachitatu.

Dalitso Phiri: Ndalowa mochedwa, ndinali pa shifiti. Moni kuchokera kuno ku migodi ya ku North-Western, koma kwathu ndi kwa Kawaza. Amalume a Tembo, diso lachitatu limenelo m'mafakitale lilipo kale, ndipo kumeneko ndi kumene ine ndinakhulupirira laser. Pali kabokosi kachikasu, kocheperapo pa batire ya galimoto, kamene amamangirira m'munsi pafupi ndi makina oopsa. Kampani ya ku Germany yotchedwa SICK ndi imodzi mwa opanga odziwika. Kamasesa pansi ndi kuwala, cha m'akakolo. Pa kompyuta mumajambula malire awiri. Phazi likaponda m'malire oyamba, nyali imawala, makina amachepetsa liwiro. Likalowa m'malire achiwiri makina amazima okha, osadikira munthu kuthamangira switchi. Sikafunika kudziwa ngati ndi munthu, galu kapena ndowa. Chilichonse cholowa, imani. Chifukwa chake sikalakwitsa monga ya ku Tempe. Pamsewu simungaimike basi chifukwa cha pepala louluka, koma m'fakitale mungathe.

Ndikamakaona ndimakumbukira msuweni wanga. Anali ndi zaka 17, akugwira ganyu pa chigayo china kwathu. Lamba analibe chotchinga. Anawerama kuti atole chitini, mkono wa shati unakodwa. Zala zitatu zinatsalira pamenepo. Lero amalemba ndi kumanzere.

Amake Chisomo: Kabokosi kameneko pa chigayo sikangaikidwe?

Dalitso Phiri: Amai, kangaikidwe koma mtengo wake ungapose injini ya chigayocho, ndipo fumbi la ufa lingamakatseke maso tsiku lililonse. Pa chigayo chofunika ndi waya wa sefa ndi ma engo aini, wowotcherera wa ku Kapata amapanga tsiku limodzi. Chimene chimandipweteka n'chakuti ngakhale chimenecho eni zigayo ambiri saika.

Za madraiva ndinene zoona zake. Ku Pilbara, ku Australia, Rio Tinto inayamba kuyendetsa matiraki a mgodi opanda draiva mu 2008, ndipo oyang'anira amakhala ku Perth, makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera ku mgodiko. Zimatheka chifukwa msewu wa mgodi ndi wotchingidwa. Mulibe mbuzi, mulibe mwana wa sukulu, galimoto iliyonse yolowamo kompyuta imaidziwa. Ndiye amene ayenera kuganiza mofatsa si amalume a Tembo pa Great East. Ndi ife a ku migodi. Anzanga oyendetsa matiraki akuluakulu amaikamba nkhaniyi pa chakudya, ndipo saseka.

Lazaro Mwale: Nanga ife a kumunda izi zikutikhudza pati? Ine ndili ndi maekala asanu ndi ngolo ya ng'ombe.

Tisa Jere: Zikukukhudzani kale atate a Mwale, mwina kuposa onse. LiDAR imene yafika kuno msanga si ya pagalimoto, ndi ya pa droni. Timaiulutsa pamwamba pa malo, imatola madontho a nthaka. Ubwino wake ndi wakuti timizere tina timadutsa m'mipata ya masamba mpaka pansi. Kamzere kamodzi kamatha kubweza kangapo: koyamba pansonga pa mtengo, kena panthambi, komaliza panthaka. Pa kompyuta timachotsa mitengo yonse n'kutsala ndi nthaka yokhayokha, molondola mpaka masentimita ochepa. Ntchito imene ndi ndodo ndi makina a miyendo itatu ikadatitengera mwezi, timaitha masiku awiri.

Taganizirani Chipata yathu, yokhala m'chigwa pakati pa mapiri. Mvula ikagwa, madzi amatsika ndi mphamvu kulowa m'makomboni, ku Mchini, ku Navutika, kukathira mu Lunkhwakwa. Anthu akumanga kukwera phiri chaka ndi chaka, mitengo ikutha. Ndi mapu otere mumaona pa kompyuta njira imene madzi adzadutse, nyumba ziti zili m'njira yake, kalavati ikhale pati ndipo ikule bwanji. Kwa mlimi, mumaona poyenera kukumba damu laling'ono, ndi kumene mizere ya m'munda iyenera kuloza kuti nthaka isakokoloke. Ngakhale mulu wa miyala kapena wa mchenga timauyeza kukula kwake osakhudza fosholo. Izi ine ndimazikonda kuposa takisi yopanda draiva.

Aphunzitsi Zulu: Ndipo zina zikutiyeza kuchokera kumwamba kwenikweni. Mu December 2018 NASA, bungwe la America la za m'mlengalenga, inatumiza makina otchedwa GEDI ku siteshoni ya m'mlengalenga, ntchito yake kuyeza msinkhu wa nkhalango ndi laser. Mwamva za ndalama za kaboni, zolipira anthu kuti asunge nkhalango, zimene zikukambidwa m'maufumu a kuchigwa cha Luangwa. Kuti munthu anene kuti nkhalango iyi yasunga kaboni wochuluka chonchi, ayenera kudziwa kutalika ndi kuchuluka kwa mitengo. Miyeso yotere ndi imodzi mwa njira zodziwira. Ku Guatemala mu 2018 analengeza kuti LiDAR ya pa ndege yaonetsa zomanga zakale za anthu a mtundu wa Maya zoposa 60,000 zimene zinabisika pansi pa nkhalango.

A Nduna Banda: Ndakhala chete kumvetsera, koma apa ndiyankhule. Mwana wanga NaJere, wanena kuti pa kompyuta mumachotsa mitengo n'kuona pansi. Aphunzitsi akuti zobisika m'nkhalango zinaonekera. Ife kuno nkhalango imene yatsala yosadulidwa pamudzi ndi ya kumanda. Mukudziwa chimene chimakhala kumeneko, sinditchula zambiri pagulu la anthu osakanikirana. Kudambwe salowako munthu wosavinidwa, ngakhale mwana wobadwira pamudzi pomwepo. Ndiye kandege kako kakadutsa pamwamba, mlendo ali ku ofesi ku Lusaka kapena kutsidya kwa nyanja aone zimene mphwanga weniweni saloledwa kuona? Chaka chatha anthu ena anabwera ndi galimoto yoyera, anaulutsa kandege kawo pamwamba pa minda ndi pamudzi, osapita kwa amfumu, osalonjera munthu. Titawafunsa anati akuyeza chabe. Kuyeza kuti atani? Mpaka lero sitinaone pepala lililonse. Amai okalamba sanagone, ankati malo agulitsidwa.

Tisa Jere: Agogo a Nduna, zikomo, ndipo sindikubisirani. LiDAR yokha siiona nkhope ya munthu kapena mtundu wa chovala. Koma mitumbira imaoneka, tinjira ta m'nkhalango timaoneka, msasa ukakhalapo umaoneka maumbidwe ake. Ndipo droni zambiri zimanyamulanso kamera. Ndiye nkhawa yanu ili ndi maziko. Anthu amene anabwerawo analakwa. Kuulutsa droni pantchito kumafuna chilolezo cha a Civil Aviation Authority, koma pepala la ku Lusaka silichotsa udindo wopita kwa amfumu. Ife tikamagwira ntchito pa malo a mafumu timayamba kukhala pansi ndi eni mudzi, amatilozera pamene sitiyenera kudutsa, ndipo malirewo timawalowetsa mu droni isananyamuke kuti izilambalala. Zimatheka, sizitenga ngakhale mphindi khumi. Wokana kutero ndi waulesi kapena wamwano.

Za kugulitsa malo, kuyeza pakokha sikusintha umwini. Pa lamulo la malo la 1995, malo a mafumu sangasanduke a taitolo popanda chilolezo cha mfumu ndi khonsolo. Koma ndikuvomereza kuti amene ali ndi mapu ali ndi mphamvu pokambirana. Iye akudziwa pamene pali madzi, pamene pali miyala, mitengo ingati, inu mulibe pepala. Akabweranso muwafunse zitatu: wakutumani ndani, mapuwa akasungidwa kuti, ndipo kope lathu tidzalandira liti.

A Nduna Banda: Ndalemba mafunso atatuwo. Ndikawapereka kwa amfumu Lamulungu.

Mabvuto Mbewe: Ine ndimaona ngati tikuopa zambiri. Satelaiti zimatijambula kale tsiku lililonse.

A Nduna Banda: Mdzukulu wanga, mbalame imadutsa pamwamba pa bafa, koma sindiye kuti tichotse mpanda.

Sakala wa ku Chadiza: Ndine msilikali wopuma, ndiloleni ndiikepo mawu poti mbali ya nkhondo palibe waitchula, pomwe ndi kumene zinthuzi zinakulira. Mpikisano umene aphunzitsi anena unakonzedwa ndi DARPA, nthambi ya kafukufuku ya asilikali a America. Ankafuna magalimoto onyamula katundu kunkhondo opanda munthu woti aphedwe m'katimo. Mu 2004 m'chipululu palibe galimoto inamaliza, yopita patali inayenda makilomita osakwana 12. Mu 2005 galimoto ya ku yunivesite ya Stanford yotchedwa Stanley inamaliza makilomita 212, ili ndi ma LiDAR asanu padenga. Takisi ya mu kavidiyo ka a Tembo ndi mdzukulu wa mpikisano umenewo.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndinali m'malire muno, nthawi imene a RENAMO ankawoloka kudzaba ng'ombe ndi kupha anthu m'midzi, abale athu a ku Mozambique akuthawira ku Ukwimi. Mtunda tinkayeza ndi diso, chala chachikulu ndi mapu akale. Ukalakwitsa ndi mamita 200, chipolopolo cha mota chimagwera pamene suunafune, ndipo m'malire muno pamene suunafune pamakhala mudzi wa anthu olankhula chilankhulo chako. Lero msilikali amadina batani, laser imamuuza mtunda nthawi yomweyo. Ena amati zimenezi zimapulumutsa anthu wamba. Nthawi zina n'zoona. Koma kuwala komweko ndi kumene kumalozera bomba pogwera, kuyambira ku Vietnam, kumene mu 1972 anagwetsa nako mlatho wa Thanh Hoa umene unawakanika zaka zambiri. Ndipo zimene mwana wathu NaJere wanena za ku Tempe zandikhala pamtima. Makina amene sanathe kusiyanitsa mai wokankha njinga ndi galimoto, mawa wina adzawapatsa mfuti kuti asiyanitse mlimi wonyamula khasu ndi mdani. Ine ndinaonapo munthu wophunzitsidwa bwino akulakwitsa zimenezo m'mbandakucha.

Dalitso Phiri: Atate a Sakala, nanga kuwalako sikuwononga maso? Ine ndimadutsa pa kabokosi kaja kambirimbiri pa tsiku.

Sakala wa ku Chadiza: Tisiyanitse. Pali laser yoyeza ndi laser yootcha. Za pagalimoto ndi za m'fakitale amazipanga zofooka kuti zisavulaze diso. Zankhondo zolozera ndi zoyeza patali zina n'zamphamvu, sitiyang'anamo. Mayiko anagwirizana mu 1995 kuletsa zida za laser zopangidwira kuchititsa anthu khungu. Zootcha ndi nkhani ina, monga DragonFire imene a Britain anayesa mu January 2024 kugwetsa ma droni. Ndipo dziwani kuti ngakhale za magalimoto zalowa ndale. Mu 2024 unduna wa chitetezo wa America unaika Hesai pa mndandanda wa makampani amene akuti amagwirizana ndi asilikali a China, kampaniyo inakana n'kupita kukhoti. Chifukwa galimoto yoyenda ndi LiDAR ikujambula mapu a mzinda wonse, milatho ndi zipata zomwe. Nkhawa ya a Nduna ya kudambwe, mayiko akuluakulu ali nayo pa malo awo.

Lazaro Mwale: Mabomba okwirira aja a m'malire ingawapeze?

Sakala wa ku Chadiza: Ayi achimwene. Kuwala sikulowa m'dothi. Ingaonetse ngalande zakale za asilikali ndi maenje, kuti osaka adziwe poyambira. Koma bomba lenilenilo ku Mozambique analipeza anthu ogwada ndi zitsulo zofufuzira, agalu, ndi makoswe akuluakulu ophunzitsidwa, mpaka dziko linalengeza mu 2015 kuti minda ya mabomba yodziwika yatha.

Yohane Tembo: Ndawerenga zonse kawiri. Mwana wanga Tisa, ndibwerere pa chakuda chija. Wati thumba la malasha limameza kuwala. Nanga lifulekita?

Tisa Jere: Atate mwafika penipeni. Lifulekita ndi tepi yonyezimira zimapangidwa kuti zibweze kuwala komwe kwachokera. Pa LiDAR zimawala kuposa china chilichonse pamsewu, nthawi zina mpaka kuthobwa makina. Ifenso oyeza malo timamata timapepala tonyezimira pakhoma kuti makina awerenge patali. Ngakhale pamwezi, anthu a ulendo wa Apollo 11 anasiyako galasi lotero mu 1969, ndipo mpaka lero amaliwombera laser kuchokera pansi pano kuyeza mtunda wa mwezi. Ndiye tepi imene ingathandize makina a mawa ndi yomweyo imene ingathandize nyali zanu za dimu lero.

Aphunzitsi Zulu: Izi ndikufuna ana anga azione ndi maso, osati pa bolodi. A Jere, makina anu a miyendo itatu aja amawerenga popanda galasi lobweza kuwala? Tikanaimika njinga kumapeto kwa bwalo la mpira madzulo, titamangapo matumba a malasha, tiyeze. Kenaka timate tepi, tiyezenso. A Tembo aimike galimoto ayatse dimu, ana aziyenda kubwerera m'mbuyo mpaka pamene njinga yazimirira, tilembe mamita. Kawiri, yopanda tepi ndi ya tepi.

Tisa Jere: Amawerenga aphunzitsi, kadontho kamodzi nthawi imodzi, koma nzeru yake ndi yomweyo. Loweruka likubwerali ndili mu Chipata. Tiyambe 17:30 kuti tiyeze kukadali kowala ndiponso kutada. Ana asayang'ane m'diso la makina, ndidzawauza ndekha.

Mabvuto Mbewe: Ine ndibwera ndi foni, tijambule kuti tione kamera ikuona mpaka pati. Ngati ndagonja ndidzavomera pagulu pompano.

Dalitso Phiri: Sindingafike, koma ndatumiza kangachepe kwa aphunzitsi pa foni, mugule tepi yokwanira. Yotsala mukapatse anyamata a njinga a pa Kapata, ndi a malasha amene amalowa m'tauni m'mawa. Yofiira kumbuyo, yoyera kutsogolo, musasokoneze.

Lazaro Mwale: Mundisungireko ya ngolo yanga. Matumba a malasha ndibweretsa ndine, atatu.

A Nduna Banda: Mukatha kumeneko mubwere nazo kumudzi. Ndidzaitana anthu pabwalo.

Aphunzitsi Zulu: Zikomo nonse. Chatsala ndi njinga. Ikhale ya keriya yaikulu ngati za malasha zenizeni.

Amake Chisomo: Aphunzitsi, njinga ya atate aang'ono ikadali pakhonde kwa amai ku Magazine. Gudumu lakumbuyo linapindika, siyenda, koma kuima imaima mukaitsamiritsa. Keriya yake ndi ija yowotcherera, ankanyamulira mabokosi anayi a tomato. Amai anakana kuigulitsa. Ndawafunsa tsopano apa, akuti itengeni, ndipo iwonso abwera kudzaona. Vuto ndi chonyamulira.

Yohane Tembo: Loweruka ndili pa ofu. Ndibwereka kaveni ka mlamu wanga. Amai a Chisomo, munditumizire kumbali malo ake a nyumba, ndifika 4 koloko ndidzatenge njinga ndi agogo omwe.